Chifukwa chiyani makalata akale amakalamba msanga kunyanja kuno?

Makalata ndi mapepala ambiri okhudza Dr. Hastings Kamuzu Banda akusungidwa ku laibulale ya Indiana University ku America. Anawapereka kumeneko ndi Donal Brody, yemwe anawasonkhanitsa. Mwina mukudabwa: munthu angapereke bwanji chuma chotere m'malo mochitsekera m'sutikesi kunyumba? Gawo lina la yankho ndi sayansi yomwe mumaphunzira kale m'kalasi.

Pepala ndi timaulusi ta mtengo totchedwa cellulose. Mapepala otchipa, monga a nyuzi, amakhala ndi asidi amene amadula timaulusi timeneti pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amasanduka achikasu n'kumathetheka ngati tsamba louma. Ndiye kumbukirani lamulo lija: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, makemikolo ambiri amagwira ntchito mofulumira pafupifupi kawiri. Zipinda zosungiramo zolemba zakale zimakhala pa madigiri 18 mpaka 20. Ku Salima kuno mu Okutobala timapitirira 30, nanji m'nyumba ya malata masana! Werengani nokha: kalata ya agogo ku Senga Bay ikukalamba kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi inzake ya m'chipinda chozizira.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, ndipo pepala limaimwa ngati mmene mchere umanyowera m'dzinja. Chinyezicho chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imamera (ya pankhuteyi, osati youluka panyanja ija). Inki imafalikira, mapini amachita dzimbiri, chiswe n'kudzamalizitsa. Ena amakulunga mapepala m'jumbo poganiza kuti ateteza. Ayi ndithu, angotsekeramo chinyezi.

Laibulale ya yunivesite ingathe kupereka zimene nyumba zathu sizingathe: chipinda chozizira ndi chouma, mabokosi opanda asidi, komanso kaundula woti wofufuza adzazipeze. Kwathu kuno University of Malawi ku Zomba ili ndi gawo la Malawiana losunga zolemba za dziko lino.

Komabe laibulale nayo si yosafa. Pa 18 Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University pamodzi ndi mabuku masauzande ambiri. Choncho banja lanu likaganiza zopereka makalata a agogo, a ku Joni kapena a kumishoni, yambani mwajambula tsamba lililonse ndi foni, pamthunzi powala bwino, n'kutumizira achibale awiri kapena atatu.