Mukaflasha mu Lusaka, ba ku Chongwe ndiye balandila

Ambili a ise tikachoka mu toilet, nkhani yasila. Koma manzi aja sasoba. Ali na njila yake, ndipo kumapeto kwa njila ija kuli bantu.

Tiyeni tiakonkhe. Manzi oipa ochoka mu town na m'mayadi ambili ayenda mu mapaipi mpaka ku Manchinchi, plant ya ba Lusaka Water yamene ili mu Garden. Ma tanker amene apopa ma septic tank nayo athila kwamene kuja. Poyamba pali nsimbi zogwila mapulasitiki na vinyalala. Kuchoka apo manzi ankhala mu matanki kuti vodothi vikhale pansi, ndiye apita pa miyala pamene tudoyo tung'ono tudya vonyansa votsala. Pomaliza angena mu ma pond, kwamene zuba na nthawi vipaya tudoyo twa matenda.

Akachoka mu ma pond, agwela mu kamumana ka Ngwerere. Ngwerere ithila mu Chongwe, mumana wamene tauni ya Chongwe, pa Great East Road, itapako manzi akumwa. Chongwe nayo ikathila mu Zambezi.

Vuto ni yakuti Manchinchi inamangiwa Lusaka ikali ing'ono. Manje bantu bapaka, ndipo manzi akabwela maningi kupitilila mphamvu ya plant, apita mothamanga osayeletsewa bwino. Ndiye chifukwa pansi pa Lusaka Sanitation Programme kuli pulani ya plant yatsopano ku Ngwerere.

Musaganize ati ni nkhani ya ba ku Chongwe chabe. M'mbali mwa Ngwerere muli madimba, ndipo lepu na tomato wa kuja ubwelela ku mamaketi athu. Vamene tataya usiku vingatipeze pa nsima ya mailo. Tonse tikumbuka kolela yamene inayamba mu October 2023: masukulu anachedwa kutsegula mu January 2024, ndipo Heroes Stadium inasanduka chipatala.

Ba ZEMA na ba NWASCO bali na nchito yoyang'anila vamene makampani a manzi bachita, koma pali vina vamene vili mu manja mwathu. Ma diaper, ma pad, ma wipes na tsitsi la ku salon si va mu toilet, vitseka mapaipi. Mafuta a chips akazizila aumila mukati. Oil ya motoka ipaya tudoyo twamene tuyeletsa manzi. Chimbuzi chikazula, itanani bopopa bovomelezeka, osati kuchitsegulila mu ngalande mvula ikayamba. Ba landlord, iyi ni yanu.

Mukaona manhole yaphulika pa njila, osangojambula vidiyo ya pa TikTok. Uzani ba Lusaka Water tsiku yamene iyo, chifukwa manzi aja akangena mu ngalande sapita ku Manchinchi, ayenda dailekiti ku mumana.