Akatswiri amapima bwanji selenium mu nsima?

MAMBWE – Matumba awiri a cimanga, lina locokera ku cigwa ca Luangwa ndi lina la kumtunda, angaoneke cimodzimodzi pa msika wa Kapata mu Chipata. Unga wake ndi woyera, nsima yake ikoma mofanana. Koma mkati mwa njere mungakhale kusiyana kwakukulu pa mcere wina wochedwa selenium.

Thupi limafuna mcerewu pang'ono cabe: mamaikrogalamu 55 patsiku kwa munthu wamkulu. Maikrogalamu imodzi ndi kagawo kamodzi ka galamu yogawidwa ka miliyoni. Koma ukasowa, thupi silitha kulimbana bwino ndi matenda. Ku Keshan m'dziko la China, matenda a mtima amene anabuka mu 1935 anapha ana ndi azimai ambiri, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti zakudya za kumeneko zinali zoperewera selenium.

Selenium saoneka ndi maso ndipo samveka pa lilime. Amadziwika mu labotale basi. Akatswiri amayamba ndi kuumitsa cimanga, kenaka amacipera mpaka cikhale unga wosalala. Unga wosakwana ndi galamu imodzi amauthira asidi waukali wa nitric ndi kuutenthetsa m'botolo lotsekedwa kufikira wonse utasungunuka.

Madzi amenewa amawapopera mu makina ochedwa ICP-MS. M'menemo muli moto wotentha madigiri oposa 6,000, umene umamwaza zonse kukhala tizidutswa tating'ono kwambiri, ndipo makinawo amawerenga ta selenium malinga ndi kulemera kwake. Pofuna kutsimikiza kuti makina sakunama, amapimanso unga wina umene selenium wake ndi wodziwika kale.

Kudziwa kuculuka kokha sikukwanira, cifukwa selenium amakhala wa mitundumitundu. Pofuna kuona mtundu wake, sagwilitsa nchito asidi, popeza amaononga zonse. M'malo mwake amasungunula unga ndi mankhwala onga a m'mimba ogaya cakudya, nkudutsitsa madziwo mu kapaipi ka makina a HPLC kamene kamapatula mtundu uliwonse paokha. Mu cimanga, woculuka ndi selenomethionine, umene thupi limaulandira mosavuta.

Kupima kotereku kwaonetsa kuti nkhani yonse yagona pa nthaka. Ku Malawi, Dr Allan Chilimba ndi anzake a ku yunivesite ya Nottingham anapima cimanga ca m'malo 88. Lipoti lao la mu 2011 linati cimanga ca pa dothi lakuda la makande, lopanda asidi, cinali ndi selenium woculuka mpaka kakhumi kuposa ca kwina. Lipoti lina la mu 2013 linapeza kuti azimai a ku Zombwe, m'boma la Mzimba, anali kudya mamaikrogalamu 6.5 patsiku, pamene a ku Mikalango, m'cigwa ca Shire, anali kudya 55.

Boma la Mambwe nalonso lili ndi nthaka yosiyanasiyana. Kufupi ndi mtsinje wa Luangwa kuli dothi lolemera la m'nkhalango za tsanya, koma pokwera kulowera ku Chipata nthaka imasintha. Conco zotsatira za munda umodzi sizingaimire boma lonse, ndipo wogulitsa sangadziwe za selenium pongoyang'ana thumba.

Mabanja a m'makomboni amagula unga wosadziwika kumene unalimidwa. Codalirika kwa iwo ndico kusadalira nsima ndi ndiwo zamasamba zokha. Nsomba, kapenta, mazira, ciwindi ndi nyama zili ndi selenium wambiri, ndipo ngakhale kakang'ono ka kapenta m'mbale ya mwana kamathandiza.

Koma anthu asathamangire kugula mapilisi a selenium popanda uphungu wa ku cipatala. Kupitirira mamaikrogalamu 400 patsiku kwa nthawi yaitali kumathothola tsitsi ndi kuononga zikhadabo.