Amisiri Otonthoza Mitima ku Chiradzulu

Pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'mwezi wa Malichi 2023, nakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe, madokotala anamanga mabala ndipo akufuna kwabwino anagawa ufa ndi mabulangete. Koma mwana amene anaona matope akumeza nyumba ya amake, natsala chete osatulutsa mawu, bala lake silinali lomanga ndi bandeji ayi. Mwana wotere mukampatsa dongo, poyamba angolifinya, kenaka aumba ng'ombe, aumbanso kanyumba, nakaphwanya ndi chikhatho, nakaumbanso; ndipo wodziwa ntchito yake samdzudzula kapena kumpanikiza ndi mafunso monga pabwalo la milandu, koma akhala naye pamphasa, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, kufikira mwanayo atatchula yekha amene anagona m'kanyumbamo usiku uja.

Ntchito imeneyi yochiza mtima ndi luso la manja anaipatsa dzina Adrian Hill, wojambula wa ku England, m'chaka cha 1942, ataona kuti kujambula kunampepuza pamene anagona m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Kumeneko ili ndi sukulu zake ndi malipiro ake. Kuno kwathu aisenza anthu amene anaitanidwira zina: alangizi a zachitukuko ndi a zosamalira anthu osulidwa ku Magomero, aphunzitsi otuluka ku Montfort ku Nguludi, amene alera ana osamva ndi osaona, ana amene dzanja ndilo lilime ndi diso lawo, ndiponso amayi a sukulu zamkombaphala, ongodzipereka popanda kakhobidi, amene utoto wawo ndi makala ndi katondo, pepala lawo ndi katoni yotola pagolosale. Ngakhale achinyamata akumwa ma ARV, mankhwala amene a Médecins Sans Frontières anayamba kugawa m'boma lino mu 2001, amasuka msanga pa sewero ndi pa gule kusiyana ndi pa benchi ya kuchipatala, pakuti m'sewero munthu anena zowawa zake atavala dzina la wina.

Chimene chisowa ndi denga. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anatsegula nyumba ya luso ya Kungoni mu 1976, ndipo osema ndi ojambula amene anaphunzira kumeneko adyetsa mabanja awo ndi ntchito ya manja awo. Pamene ife, eni ake a tchopa ndi mbiya, ana athu aumbira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mvula ikagwa zoumba zawo zisungunuka tsiku lomwelo. Sindinena za nyumba yosanja, koma chipinda chimodzi cha njerwa zootcha, chokhala ndi loko, ng'oma ziwiri ndi mlangizi wolandira malipiro pakutha pa mwezi.

Inu mafumu ndi makhansala a ku Chiradzulu, malo ali m'manja mwanu. Tipatseni poumba njerwa chilimwe chino.