Mawu Ofotokozera Mtunda Umene Galimoto Yamagetsi Ingayende

Liwu loti "mphamvu" lasenzetsedwa katundu wochuluka m'zolemba zonena za galimoto zamagetsi. Olemba ena akuligwiritsa ntchito pofotokoza nyonga ya injini, nabwereza liwu lomwelo ponena za kuchuluka kwa magetsi osungidwa m'batire. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mtunda umene galimoto ingayende ikatchajidwa kamodzi umadalira kwambiri chachiwirichi.

Nkosafunika kupeka liwu latsopano. Aliyense wogula magetsi a ESCOM amawadziwa "mayunitsi", ndipo yunitsi imodzi ndi muyeso womwewo umene akatswiri amaulemba kuti kWh. Choncho nkoyenera kulemba kuti batire ya Nissan Leaf yoyamba, imene inatuluka mu 1910 ndi zaka 100 pamwamba pake, ndiye kuti mu 2010, inkasunga mayunitsi 24. Itayesedwa ku America inapezeka kuti ingayende makilomita 117, kapena kuti pafupifupi makilomita 5 pa yunitsi iliyonse. Mwana wa sukulu angathe kuwerengera zimenezi mosavuta.

Komabe chiwerengero chotere chimapezeka pa mayeso, osati pa msewu weniweni. Kuchokera ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga m'boma la Salima, kukafika ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 120, ndipo msewu wa M14 umakwera mamita oposa 500 kuchoka m'mbali mwa nyanja. Chitunda chimadya mayunitsi ambiri. Liwiro, katundu wolemera ndi makina oziziritsa m'galimoto pa dzuwa la mu Okutobala nazonso zimadya gawo lake. Batire ikamakalamba imasunga magetsi ochepa kuposa kale, ndipo kutentha kwa kunyanja kumaikalambitsa msanga. Leaf yakale yoteroyo ikhoza kuima panjira isanafike mumzinda. Pobwerera zinthu zimasintha, pakuti potsetsereka injini imabweza magetsi ena m'batire.

Pa chifukwa chimenechi chiganizo choti "galimotoyi imayenda makilomita 117" nchosocheretsa, popeza "-ma-" amasonyeza zochitika nthawi zonse. Mkonzi wosamala alembe kuti "ingayende makilomita pafupifupi 117 ikatchajidwa kamodzi".

Pa kalembedwe, mneni ameneyu ndi "kutchaja", osati "kuchaja". Liwuli limatchulidwa ndi mpweya monga "tchalitchi" ndi "tchimo", choncho "t" asasiyidwe.