Chinjoka chachitali zedi, chakale zedi, ndi fumbi la pa Nkolimbo

Pa miyambo yonse ya pa dziko lapansi, palibe umene umayendetsa anthu ambiri nthawi imodzi kuposa chaka chatsopano cha anthu a ku China. Tsiku lake limasinthasintha poti iwo amatsata mwezi wakumwamba, koma limagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, nyengo imene kuno ku Ntcheu anthu amakhala atamaliza kubandira ndipo chimanga chikumasula. Mu 2024 linagwa pa 10 Febuluwale ndipo chinali chaka cha chinjoka. Kwa masiku 40 sitima, mabasi ndi ndege zimadzaza ndi anthu obwerera kwawo. Covid asanabwere, boma la China linkawerenga maulendo pafupifupi 3 biliyoni m'masiku amenewa chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa apaulendowo cholinga chawo chimakhala chimodzi: kukadya mgonero wotsekera chaka limodzi ndi makolo awo. Amene anaonapo mabasi a ku Joni akulowa pa Mwanza kapena pa Dedza mu Disembala, ngolo zili tho ndi katundu, safunika kumufotokozera zambiri. Akatha kudya, mabanja amaonera pulogalamu ya zisangalalo ya kanema wa CCTV, imene inayamba mu 1983, ndipo a Guinness World Records anaivomereza kuti ndi yoonedwa ndi anthu ambiri kuposa ina iliyonse ya mtundu wake.

Koma chimene alendo amathamangira kukaona mumsewu ndi chinjoka. Amachipanga ndi nsungwi, nsalu ndi mapepala, n'kuchikweza pa ndodo. Chanthawi zonse chimanyamulidwa ndi anthu 9, ndipo kutsogolo kumakhala wina wonyamula mpira pa ndodo, woimira ngale imene chinjokacho chikulondola. Ng'oma zikalira ndi makombola akayamba kuphulika, mutu ukapita kumanzere thupi lonse liyenera kutsatira mwa dongosolo mpaka kumchira; mmodzi akachedwa sitepe, onse amapiringizana. Mkhristu wa kuno akamva za chinjoka amakumbuka buku la Chivumbulutso, koma kwa Atchaina ichi ndi chamoyo cha madzi, mvula ndi mwayi. Makolo athu a ku kachisi wa mvula ku Msinja, amene ankalemekeza njoka Thunga, akanachimvetsa msanga.

Chimodzi mwa zinjoka zotalika zedi zimene zinalembedwapo chinavina kutali ndi China. Mu 2012, mumzinda wa Markham ku Canada, anthu anatulutsa chinjoka cha mamita 5,568. Woyenda pansi angathe ola lathunthu kuchoka kumutu asanafike kumchira. Ine sichinditenga mtima kwenikweni, chifukwa chinali cha tsiku limodzi, chopangidwira kuti dzina lilowe m'buku.

Perete wa ku San Francisco ndiye wakhalitsa. Anayamba m'zaka za m'ma 1860, amachitika usiku, ndipo amatchuka kuti ndi wamkulu kuposa onse kunja kwa Asia, ngakhale a ku London nawo amati chikondwerero chawo ndicho chachikulu. Chinjoka chawo, Gum Lung, chimaposa mamita 80 ndipo chimafuna anthu oposa 100 kuti chiyende. 

Nkhani imene ine ndimaikonda ili ku Bendigo, tauni ya migodi ya golide ku Australia. Atchaina anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1850 kukafuna golide, ndipo ankanyozedwa koopsa. Komabe analowa nawo perete wa tauniyo wa nyengo ya Pasaka, amene amatolera ndalama zothandizira odwala, n'kuitanitsa chinjoka kwawo. Dzina lake ndi Loong. Mu 1901 chinavina ku Melbourne pa zisangalalo zotsegulira nyumba ya malamulo yoyamba ya Australia, ndipo chilipo mpaka lero. Ndicho chakale kuposa zinjoka zonse za mtundu wachifumu zimene zatsala zathunthu. Chitakalamba, mu 1970 anabweretsa Sun Loong, chotalika mamita pafupifupi 100, kenako mu 2019 Dai Gum Loong, cha mamita 125. Chakalecho sanachitaye kudzala. Anachisunga m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Golden Dragon Museum, ndipo adzukulu a anthu amene ankachinyamula amakachiona ndi maso awo. Chaka ndi chaka, tsiku la perete lisanafike, chinjoka chimene chili pa ntchito amachidzutsa ndi ng'oma ndi makombola, monga mmene amadzutsira wamkulu amene wagona.

Kuno ku Africa, chilumba cha Mauritius ndicho chinafika poika tsikuli kukhala la tchuthi cha dziko lonse. Kwa munthu wa ku Ntcheu, malo apafupi odziwika ndi perete wotere ndi Johannesburg, kumene kuli madera awiri a Atchaina: lakale la mu Commissioner Street ndi latsopano la mu Derrick Avenue ku Cyrildene. Ku Bronkhorstspruit, kum'mawa kwa Pretoria, kuli Nan Hua, kachisi wa Chibuda wamkulu kuposa onse mu Africa, amene amadzaza ndi anthu a mitundu yonse pa chikondwererochi. Abale athu ogwira ntchito m'masitolo a Atchaina ku Joni amaidziwa nyengoyi bwino. Malawi anayamba ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, ndipo zipatso zake timaziona pa nyumba ya malamulo ndi pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, koma dera la Atchaina ngati la Cyrildene ku Ntcheu kulibe.

Chimene tili nacho ndi Umhlangano. Uwu ndi msonkhano waukulu kuposa yonse ya Angoni a kwa Maseko, ndipo umachitikira pa Nkolimbo chaka chilichonse, kawirikawiri kumayambiriro kwa Sepitembala. Malowo sanasankhidwe mwachisawawa. Pamenepo ndi pamene pagona Inkosi Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, amene asilikali a atsamunda a ku Britain anamupha mu Okutobala 1896. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani Wachiwiri, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, boma linamuchotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Sindikudziwa banja lina lachifumu m'dziko muno limene linalipira mtengo wotere mibadwo iwiri yotsatizana. Nchifukwa chake mwambowu umayamba ndi kukhwisula kumanda m'mamawa, kukuwuza mizimu ya makolo kuti ana abwera, nyama ndi mowa zisanayambe kuyenda.

Tikanena za ulendo wautali, wa Amaseko suchepa. Anachoka kumwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka m'zaka za m'ma 1820, anaoloka Zambezi, anakafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, kenako anabwerera n'kudzakhazikika cha ku phiri la Domwe ku Mozambique. Unali ulendo wa zaka pafupifupi 50, wapansi, ana kumsana, ng'ombe patsogolo. Malire amene azungu anadula anagawa mtundu umodzi pakati. Pa Lizulu, kumene kuli likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani Wachisanu, amene anavekedwa ufumu mu 2012 akadali mnyamata, msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Angonia. Pa Umhlangano a mbali zonse ziwiri amafuula "Bayethe" limodzi.

Gule wa Ngoma akayamba, amuna atavala zikopa ndi nthenga kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, amaponda pansi nthawi imodzi mpaka nthaka imanjenjemera m'mapazi mwa oonera, amayi akuwomba m'manja ndi kuimba nthungululu. Luso lake ndi lomwe lija la onyamula chinjoka: phazi la munthu mmodzi likachedwa, mzere wonse umaonekera. Amayi ali ndi msindo wawo, atsikana uyeni. Achewa a m'boma lomwelino ali ndi zilombo zawo zazikulu za Gule Wamkulu, ndipo chotalika ngati Chimkoko chikatulukira pabwalo ana amathawira kumbuyo kwa amayi awo. Za m'dambwe tisiyire eni ake.

Pa chinthu chimodzi Malawi anatsogola. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, pamene chaka chatsopano cha ku China chinalowa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu Disembala 2024. Tchopa analowa mu 2014, nsima mu 2017. Ngoma ndi yoyenera kukhalapo, koma ntchitoyo iyenera kuyambira kwathu konkuno, ndipo apa ndi pamene Bendigo imandipweteketsa mtima. Chingoni chinatha kale pakamwa pa anthu ambiri a ku Ntcheu. Chatsalira m'nyimbo, m'mayina a mafuko ndi m'zithokozo, ndipo anyamata ambiri amaimba mawu amene sawamva tanthauzo. Zishango zakale zimadyedwa ndi njenjete kudenga, mwini wake akamwalira zimasowa. Ndikanakonda pa Nkolimbo pomwepo mwana atamaona chishango cha agogo a agogo ake, dzina la mwini wake litalembedwa pambali, ndiponso atamamva nyimbo zojambulidwa kuchokera kwa akuluakulu amene akadali moyo. Kuti zimenezi ndi zotheka taziona ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare anasonkhanitsamo za Achewa, Ayao ndi Angoni. Aphunzitsi a ku Ntcheu angayambe ndi kutengera ana awo kumeneko, kudzera msewu wotsikira ku Golomoti, Sepitembala asanafike.