Kodi ndalama ya m'mbale ya chopereka imapita kuti?

Lamulungu lililonse, kwaya ikangoyamba nyimbo ya chopereka, amayi amamasula mfundo ya pansonga pa chitenje, abambo amapisa m'thumba la jekete, ndipo mwina inunso amakupatsani K100 kuti mukaponye m'mbale. Akuluakulu amati ndalamayo tikupereka kwa Mulungu. Koma Mulungu sagula sopo, sakwera minibasi, ndipo sadwala kuti afune mankhwala. Ndiye ndalama ija imathera kuti? Musaope kufunsa, ana inu. Funso limeneli si lamwano ayi.

Tiyeni tiyitsatire mbale ija. Mapemphero akatha, imalowa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. M'mipingo ya CCAP ntchito imeneyi ndi ya atumiki, ndipo sakhala mmodzi yekha. Amakhala awiri kapena atatu kuti wina akhale mboni ya mnzake. Amakhuthulira zonse patebulo, n'kuwongola ndalama zokwinyika zija, n'kuzisanja: za K200 pazokha, za K500 pazokha, za K1,000 pazokha, zomwe zili ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa konkuno ku Kasungu. Akawerenga kawiri amalemba m'buku, n'kupereka kwa msungichuma. M'mipingo yambiri amalengeza pagulu kuti zapezeka zingati, chifukwa ndalamazo ndi za anthu onse.

Kuchoka apo ndalama ija imagawika. Ina imagula malata, simenti ndi choko cha Sande sukulu. Ina imagula mkate ndi zakumwa za pa Mgonero. Ina imathandiza abusa kapena ansembe kuti adye ndi kuyendera odwala kumidzi yakutali. Ina imapita kulikulu la mpingo, monga kusinodi ku Nkhoma kapena kudayosizi, kumene amaphunzitsa abusa atsopano ndi kuyang'anira masukulu ndi zipatala. Inanso imagula thumba la ufa lopita kumaliro, kapena bulangete la agogo amene alibe wowasamala. Motero Mulungu amalandira mphatso yanu kudzera mwa anthu amene imawathandiza.

Tsopano tamverani chinthu china chomwe mwana wa ku Kasungu angachione ndi maso ake. Mbale ya chopereka silemera mofanana chaka chonse. Mu Januwale ndi Febuluwale imabwerera yopepuka, koma cha mu Juni ndi Julayi imadzaza. Chifukwa chake n'chiyani? Kodi anthu amakonda Mulungu kwambiri m'nyengo yozizira?

Ayi ndithu. Chifukwa chake chili kumunda. Mlimi wa fodya salandira malipiro pakutha pa mwezi ngati aphunzitsi anu. Amafesa nazale cha mu Seputembala, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo dzuwa lili phwee. Mvula ikagwa amawokera mbande. Kenako pamabwera kupalira, kuthira feteleza, kuthyola masamba, kuwasoka, kuwayanika m'chigafa, kuwasankha, mpaka kudinda mabelo ndi jeke. Miyezi yonseyi ndalama zimangotuluka, osalowa. Zimadzalowa msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo akagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. Ndiye kuti banja lalandira kamodzi ndalama zoti zikwane chaka chathunthu. Pofika Febuluwale, nkhokwe za ambiri zimakhala zitagwa, ndipo K50 yomwe mayi amaponya m'mbale mwezi umenewo imakhala itachotsedwa pa ndalama ya mchere.

N'chifukwa chake mipingo ya kumidzi imaika tsiku la masika anthu atakolola. Tsiku limeneli ndi losangalatsa kwambiri kwa ana. Anthu amabwera ndi matumba a chimanga pangolo ndi panjinga, amayi atasenza malichero a mtedza, soya ndi nyemba. Wina wanyamula maungu, wina nkhuku yomanga miyendo, ndipo nthawi zina mbuzi imalira panja abusa ali mkati molalikira. Zonsezi zimaunjikidwa kutsogolo, n'kupemphereredwa. Zina zimasungidwa kuti zithandize osowa, zina zimagulitsidwa, ndalama zake n'kulowa m'buku lija. Munthu amene alibe ndalama m'thumba koma ali ndi dengu la mbatata, tsiku limeneli amayenda mutu uli m'mwamba.

Mwina mudamvapo mawu akuti chakhumi. Ndi masamu osavuta: pa zinthu 10 zilizonse, chimodzi n'chopereka. Mukakolola matumba 10 a chimanga, limodzi ndi chakhumi. Mukapeza K5,000, chakhumi chake ndi K500. Lamuloli lili m'buku la Levitiko, mutu 27, ndipo lidaperekedwa kwa Aisraeli, amene analinso alimi ndi oweta ziweto. Buku la Deuteronomo, mutu 14, limaonjezera kuti chaka chachitatu chilichonse chakhumicho chizisungidwa m'mudzi momwemo kuti adyeko alendo, ana amasiye ndi amayi amasiye. Mipingo simachita zofanana pa nkhaniyi. Ina, monga ya Seventh-day Adventist, imatsindika kwambiri chakhumi. Akatolika ali ndi mtulo. A CCAP ambiri amakhala ndi khadi lolembapo chopereka cha mwezi ndi mwezi.

Apa pali funso lomwe ngakhale akuluakulu amatsutsana. Tiyerekeze kuti bambo agulitsa fodya. Pa ndalamazo kampani yadulapo ngongole ya feteleza ndi mbewu, mwini lole wadulapo yake, aganyu nawonso akudikira pakhomo. Kodi chakhumi chichoke pa ndalama zonse, kapena pa zotsala? Ena amati pa zonse, ena amati pa phindu lokha. Kafunseni makolo anu kuti iwo amaganiza bwanji, ndipo mumvetsere zifukwa zawo.

Ine ndimaona kuti Yesu sadayambire pa masamuwo. Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 12, timamva kuti tsiku lina adakhala pansi m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu n'kumayang'ana anthu akupereka. Olemera adaponya zambiri. Kenako kudabwera mayi wamasiye wosauka, amene adaponya timakobiri tiwiri tokha. Yesu adaitana ophunzira ake n'kuwauza kuti mayiyu ndiye wapereka koposa onse, chifukwa enawo adatapa pa zochuluka zawo, pamene iye adapereka zonse zomwe akadagulira chakudya. Choncho musamaseke mnzanu amene waponya K20, ndipo inuyo musamachite manyazi ngati tsiku lina mwapita kutchalitchi chimanjamanja.

Palinso mphatso yaikulu yomwe silowa m'mbale: nthawi ndi mphamvu. Yang'anitsitsani khoma la tchalitchi chanu. Njerwa zambiri za matchalitchi a kumidzi sizidagulidwe. Adaziumba ndi eni mpingo, m'chilimwe ntchito za kumunda zitachepa. Abambo amakumba dothi la pachulu n'kuliponda ndi mapazi. Amayi amatunga madzi kuchokera kumjigo kapena kudambo, ndowa pamutu, ulendo ndi ulendo. Anyamata amadzaza matope m'chikombole, n'kuthamanga nacho, n'kuchigubuduza pabwalo loseseratu, njerwa ziwiri n'kutsala pansi zili nyezinyezi. Amaziphimba ndi udzu kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Zikauma amazisanja uvuni, ndipo ena amachezera usiku wonse akusonkhezera moto. Palibe amene amalipidwa. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Taonaninso amayi a Chigwirizano, ovala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, kapena amayi a Dorika, kapena akhristu a m'miphakati ya Akatolika. Munthu akadwala m'mudzi, iwo amapita kukasesa, kutunga madzi, kuchapa ndi kuphika phala. Pamaliro amachezera kuimba mpaka mbandakucha, pamene kunyumba kwawo ntchito ikuwadikira. Msungichuma sangathe kulemba zimenezi m'buku lake, koma popanda izo mpingo sungaime.

Mphatso zazing'onozing'ono zikaphatikizana zaka zambiri zimabala zinthu zoti mungakazione. Ku Chilanga, pafupi ndi boma la Kasungu, kuli mishoni yomwe idayambitsidwa ndi amishoni a ku Scotland ochokera ku Livingstonia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 idaperekedwa m'manja mwa a ku Nkhoma. Kumeneko kuli sukulu ya ana osaona, amene amawerenga ndi zala zilembo za timadontho totukuka zotchedwa Braille. Ku Nkhamenya kuli chipatala cha Akatolika, ku Mtunthama kuli chipatala cha St Andrew's cha mpingo wa Anglican, ndipo m'tauni ya Kasungu sukulu ya sekondale ya Loyola idatsegulidwa mu 2015. Zina mwa ndalama zomangira malo otere zidachokera kwa akhristu a kumaiko akutali, amene adapereka kuti athandize ana omwe sadzawaona n'komwe.

Chenjezo limodzi ndikupatseni. Mukadzamva munthu akunena kuti mukapereka ndalama zambiri Mulungu adzakulemeretsani mawa lomwe, kapena kuti mukapanda kupereka mudzadwala, musachite mantha. Madalitso sagulitsidwa ngati tomato pamsika. Mtumwi Paulo, polembera akhristu a ku Korinto pamene ankasonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, adawauza kuti aliyense apereke monga watsimikizira mumtima, mokondwa, osati mokakamizidwa. Ndipo ndalama ya chopereka siyenera kukhala yoba m'chikwama cha amayi, kapena yomwe adakupatsani kuti mugulire kope.

Nanga mwana wopanda munda, wopanda malipiro, angapereke chiyani? Mungathe kusesa m'tchalitchi Loweruka madzulo, kupukuta mabenchi, kuimba m'kwaya ya ana, kapena kuwawerengera Baibulo agogo amene maso awo adachita mdima. Ngati mukufuna kudzanyamula chanuchanu pa tsiku la masika, pemphani makolo kuti akupatseni mzere umodzi m'munda wa mtedza. Mubzale mvula ikayamba mu Disembala, muzipalira mukaweruka kusukulu, ndipo mukafukula cha mu Meyi muumitse bwino mtedzawo musanauthire m'lichero.