Woputa Nkhondo Adzayankha Kuti?

Munthu wochokera ku Nkhudzi akafika m'tauni ya Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, amaona nsanja ya wotchi ndi mzinga wakale pambali pake. Mzingawo unali pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen.

Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka ku Ulaya, sitimayi inapita ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, niombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Mwezi wotsatira mwazi unakhetsedwa ku Karonga. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. M'busa John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 yodandaula kuti amphaŵi akufera nkhondo imene siinali yawo.

Nanga amene anaiputa anayankha kuti? Pangano la Versailles la 1919 linagamula kuti mfumu ya Ajeremani, Wilhelm II, iimbidwe mlandu. Koma iyo inali itathaŵira ku Netherlands, ndipo dzikolo linakana kuipereka.

Akuluakulu amati mlandu suola. Nkhondo yachiŵiri itatha, bwalo la ku Nuremberg mu 1946 linapeza atsogoleri ena a Germany olakwa pa mlandu wokonza ndi kuyambitsa nkhondo. Mu 1974 bungwe la United Nations linafotokoza tanthauzo la kuputa dziko lina: kulilanda, kuliphulitsa ndi mabomba, kapena kutseka madoko ake. Mu 1998 maiko anagwirizana ku Rome zokhazikitsa Bwalo la Milandu la Dziko Lonse, limene lili ku The Hague, ndipo Malaŵi analoŵamo mu 2002. Pa msonkhano wa ku Kampala mu 2010 mlandu woputa nkhondo unalongosoledwa m'malamulo a bwaloli, ndipo linalandira mphamvu zouweruza pa 17 Julaye 2018. Mu Afirika, Botswana ndiye anayamba kuvomereza zosinthazi mu 2013.

Mlanduwu sugwera msilikali wamba ai. Umagwera atsogoleri amene ali ndi mphamvu zolamula boma kapena asilikali.

Komabe kufikira lero bwaloli silinazengepo munthu mlandu umenewu. Chifukwa chake n'chakuti silingagwire nzika ya dziko limene silili m'panganoli, pokhapokha Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations italipatsa nkhaniyo. M'khonsoloyo muli maiko asanu amene lililonse likhoza kuletsa chigamulo palokha, ndipo atatu mwa iwo, America, Russia ndi China, sali m'bwaloli. Msodzi wa ku Nkhudzi angaseke ataona khoka limene likola usipa koma nilitaya kampango.

Chibowo chimenechi chinaoneka poyera pamene Russia anathira nkhondo Ukraine mu February 2022. Bwalo la ku The Hague linatha kufufuza nkhanza zochitika m'kati mwa nkhondoyo, koma osati kuputa kwenikweniko. N'chifukwa chake mu Juni 2025 Ukraine ndi bungwe la Council of Europe anasainirana pangano lokhazikitsa bwalo lapadera. Mwezi wotsatira maiko a m'bwalo lalikulu anakumana ku New York kukambirana zokulitsa mphamvu zake, koma anaimika nkhaniyo mpaka 2029.

Nkhani imeneyi si ya ku Ulaya kokha. Dziko laling'ono ngati Malaŵi, lopanda zida zoopsa, chishango chake ndi lamulo, ndipo lamulo losankha nkhope siliteteza wofooka. Aphunzitsi opita ndi ana kukaona mzinga wa pa Mangochi ayenera kuwauza kuti amene anasenza nkhondo ija pamutu anali agogo athu, pamene oiputa sanaimepo pabwalo.